BOTOLO LIMODZI LA MNYAMATA NDI MTSIKANA: MBIRI YA PEFYUMU WA M'CILIMWE

Kodi munakwerapo minibasi yocokera ku Kafue kupita ku Lusaka masana a mwezi wa Okutobala? Ngati munatero, mudziwa kale zimene tikunena. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 45 cabe, koma musanafike ndi pa Shimabala pomwe, malaya amakhala atamatirira kumsana. Zenera la kumbali kwanu silitseguka, ndipo kondakitala wakupanikizani anayi pampando wa anthu atatu. Tsono pali mnzathu wina amene wadzithira pefyumu wamphamvu, wonunkhira ngati shuga wopserera. Pofika ku Chilanga, amai okhala pambali pake agwira mutu, nafunsa ngati alipo amene wanyamula mankhwala.

M'masitolo ndi pa tuntemba muli mabotolo ena olembedwa kuti unisex, ndiko kuti ndi a amuna ndi akazi omwe. Ambiri a iwo amapangidwa dala kuti aoneke ngati a makedzana, ndipo fungo lake ndi lopepuka, la mandimu ndi masamba. Ena a inu mumawaseka. Mumati, "Mnyamata weniweni angadzole bwanji zofanana ndi za alongo ake?" Ena mumawakhumbira kotero kuti ndalama ya makope imathera pomwepo. Musanaseke ndiponso musanagule, tiyeni tione kumene zinthu izi zinacokera. Mudzapeza kuti cimene tikuciyesa catsopano ndico cakale koposa.

ZINAYAMBA NDI UTSI

Liu lakuti pefyumu tinalibwereka ku Cingelezi, koma gwero lake ndi mau awiri a Cilatini, per fumum, otanthauza kuti "kudzera mu utsi". Anthu akale ankatentha utomoni wa mitengo kuti nyumba, zovala ndi malo opembedzera zinunkhire. Utomoni wochuka koposa unali lubani ndi mure, maina amene mumawamva caka ndi caka m'nkhani ya Khrisimasi. Mitengo yake imamera m'malo ouma a ku Somalia, Ethiopia, Yemen ndi Oman. Munthu amatema khungwa pang'ono, utomoni umatuluka ngati misozi, ndipo ukauma amabwera kudzaukolola. Nchito imeneyi ikucitikabe mpaka lero.

Zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, mfumu yaikazi ya ku Egypt, Hatshepsut, inatumiza zombo ku dziko la Punt, limene akatswiri ambiri amaliika ca ku Eritrea ndi Somalia wa lero. Zombozo zinabwerako ndi milu ya utomoni pamodzi ndi mitengo yamoyo 31 yoti ikabzalidwe ku Egypt. Zithunzi za ulendowo zinazokotedwa pa makoma a kacisi wake ku Deir el-Bahari, ndipo zikuonekabe. Motero dziwani kuti malonda a zonunkhira anazika mizu mu Africa muno, Paris asanamveke n'komwe.

Ku Mesopotamia, kumene lero ndi Iraq, kunapezeka phale la dothi la m'zaka za m'ma 1200 B.C. lochula mai wina dzina lake Tapputi, wopanga zonunkhira kunyumba ya mfumu. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 800 A.D., katswiri wa ku Baghdad, Al-Kindi, analemba buku la njira zoposa 100 zopangira mafuta ndi madzi onunkhira. Anthu a m'maiko amenewo anakonza bwino luso la kucheza. Luso lake ndi lomwe lija la ocheza kacasu, ngakhale kuti zotulukapo ndi zosiyana kutali: maluwa amawiritsidwa mumphika wotseka, nthunzi imadzera m'paipi yozizira, nisanduka madontho amene atenga fungo la duwa. Kopanda luso limeneli, botolo liri pa shelefu lija silikadakhalapo.

NANGA MAKOLO ATHU?

Musaganize kuti makolo athu anadikira sitolo kuti adziwe kusamala thupi. Pitani kwa agogo anu, muwafunse za mafuta a nsatsi. Adzakuuzani m'mene ankasinjira nsatsi, naziwiritsa m'madzi, ndi kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Mafutawo ankadzola akacoka kosamba kuti khungu lisatuwe ndi kung'aluka m'nyengo ya dzuwa. Koma mucenjere, njere ya nsatsi iri ndi poizoni ndipo siyenera kutafunidwa.

Anthu a ng'ombe a m'zigwa za mtsinje wa Kafue, Aila ndi Atonga, ankadzola mafuta a mkaka, ndipo pa miyambo ina ankawasakaniza ndi dothi lofiira lochedwa musila. Edwin Smith ndi Andrew Dale analemba zambiri za moyo wa Aila m'buku lao limene linatuluka mu 1920. Kumpoto kwa dziko lino kunali nkula, ufa wofiira wocokera ku mtengo wa mukula. Kum'mawa kuli mpungabwe, citsamba ca fungo lamphamvu cimene anthu amaika m'nyumba kuti udzudzu uthawe.

Pa zonsezi onani cinthu cimodzi. Cigubu ca mafuta a nsatsi cinali ca banja lonse. Atate, amai ndi ana ankatunga m'cigubu comweco, ndipo panalibe amene ankaseka mnzake.

MADZI A KU COLOGNE

Kholo leni-leni la pefyumu wopepuka wa masiku ano linabadwira ku Germany. Johann Maria Farina, munthu wobadwira ku Italy mu 1685, anakhazikika mumzinda wa Cologne, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, kumene kampani ya banja lao inayamba mu 1709. Masiku amenewo anthu olemera a ku Ulaya sankasamba kawiri-kawiri, popeza ambiri ankakhulupirira kuti madzi amalowetsa matenda m'thupi. M'malo mwake ankadzithira zonunkhira zolemera zocokera ku nyama. Tangoganizani m'mene munkamvekera m'cipinda codzaza ndi anthu otero!

Farina anacita zosiyana. Anatenga sipiriti woyera bwino, nathiramo mafuta pang'ono a makoko a mandimu, malalanje ndi cipatso ca mtundu womwewo cochedwa bergamot, pamodzi ndi mafuta a maluwa a mtengo wa lalanje. Zotulukapo zinali madzi opepuka, ozizira pakhungu, amene fungo lake silikhalitsa. Anawacha Eau de Cologne, ndiko kuti "madzi a ku Cologne". Mafumu ndi akazi ao anawakonda cimodzi-modzi. Napoleon wa ku France, munthu wankhondo, ankawagwiritsa nchito moculuka. Palibe amene anamuuza kuti wadzola za akazi.

Poona kuti malondawo akuyenda, anthu ambiri anayamba kupanga madzi ofanana nawo, ena mpaka kuba dzina la Farina. Cotero mabotolo acinyengo sanayambe lero ayi. Mwa opikisana naye, wochuka koposa ndi wa banja la Mülhens, amene pefyumu wao amadziwika ndi nambala 4711. Iyi inali nambala ya nyumba yao mumseu wa Glockengasse, yoperekedwa m'zaka za m'ma 1790 pamene asilikali a ku France anali mumzindawo. Madzi a maina onse awiri, Farina ndi 4711, akugulitsidwabe mpaka lero.

Pali cina cimene cingakudabwitseni. Poyamba madziwa ankagulitsidwanso ngati mankhwala, ndipo anthu ankamwa madontho ake. Koma mu 1810 Napoleon analamula kuti aliyense wogulitsa mankhwala akumwa aulule zimene amaikamo. Opanga madzi a ku Cologne sanafune kuulula cinsinsi cao, motero anasiya kuwacha mankhwala, nayamba kuwagulitsa ngati zonunkhira cabe. Inu musayese kulawa. Sipiriti wa mu pefyumu wa lero amathiridwa zinthu zina dala kuti asamweke.

NDANI ANAGAWA FUNGO?

Ngati zinali conco, tsono zinayamba liti zoti ili ndi fungo la amuna, ili ndi la akazi? Yankho liri m'mafakitale ndi m'zolengeza malonda.

Mu 1868, katswiri wa ku England, William Henry Perkin, anapanga m'cipinda coyesera mankhwala cinthu cochedwa coumarin, cimene cimanunkhira ngati udzu wongomwetedwa kumene. Aka kanali kuyamba kwa nyengo yatsopano, pakuti fungo likanatha kupangidwa popanda munda. Mu 1882 kampani ya Houbigant inaika coumarin mu pefyumu wake Fougère Royale. Mu 1889 Aimé Guerlain anatulutsa Jicky, amene amuna ndi akazi omwe anamudzola. Pamene mitengo inatsika ndipo anthu wamba anayamba kugula, amalonda anaona kuti banja limene limagula botolo limodzi lingathe kugula awiri. M'zaka za m'ma 1900 mashelefu anagawanika: maluwa ndi zotsekemera kwa akazi, monga Chanel No. 5 wa mu 1921, ndipo mitengo, zikopa ndi zokometsera kwa amuna.

Kuti muone kuti malirewa ndi oika anthu, tamvani izi. Old Spice, amene ambiri amamuyesa fungo la abambo, anayamba kugulitsidwa ku America mu 1937 monga wa akazi. Wa amuna anatuluka caka cotsatira, mu 1938. Ndiponso ku Arabia ndi ku India, amuna aulemu wao amadzola mafuta a duwa la rozi mpaka lero. Mphuno siidziwa zimene zalembedwa pabokosi.

NJANJI, SOPO NDI TAUNI YATHU

Zinthu za m'mabotolo ndi m'mapaketi zinafika kuno moculuka ndi njanji. Mu 1906 mlatho wa sitima wa pa mtsinje wa Kafue unatha kumangidwa, wokhala ndi zigawo 13 zacitsulo, ndipo caka comweco njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Masitolo anamera m'mbali mwa njanjiyo. M'menemo munali sopo wa Sunlight, amene anayamba kupangidwa ku England mu 1884, ndi Lifebuoy wofiira uja, wa fungo longa la m'cipatala. Munalinso Vaseline, amene analowa m'malo a mafuta a nsatsi m'mabanja ambiri.

Sopo anathandiza, ndipo palibe angakane. Koma pamodzi ndi sopo panabwera ciphunzitso cina coipa. Atsamunda ambiri ankanena kuti munthu wakuda ndi wauve mwa cibadwa, ndipo ankanyoza mafuta a makolo athu. Zolengeza malonda zinkaonetsa kuti munthu wotsogola ndiye wogula zakuti-zakuti. Katswiri wa mbiri Timothy Burke anafufuza nkhani imeneyi ku Zimbabwe, nalemba buku lochedwa Lifebuoy Men, Lux Women mu 1996. Dzina la bukulo lokha likuuzani kuti ngakhale sopo anagawidwa, wina wa amuna, wina wa akazi. Ife tinali m'citaganya cimodzi ndi dziko limenelo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo katundu wambiri wa m'masitolo athu ankacokera ku Salisbury ndi Bulawayo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kafue anasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa, Kafue Textiles inayamba kupanga nsalu, ndipo mu 1970 Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito yake ya feteleza. Acinyamata ocokera m'zigawo zonse za dziko anabwera kudzafuna nchito, ndipo malipiro a pakutha pa mwezi anawatsegulira zitseko za masitolo. Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusowa. Funsani makolo anu za mizere ya m'zaka za m'ma 1980. Munthu ankaima kuyambira mbandakuca kuti apeze sopo, shuga kapena mafuta ophikira, ndipo nthawi zina ankabwerera cimanja-manja. M'masiku amenewo, kupatsa mlendo sopo wonunkhira kuti akasambire unali ulemu waukulu.

Boma litasintha mu 1991, misika inatseguka. Katundu wakunja anasefukira, salaula inadzaza m'misika, ndipo mabotolo a mitundu-mitundu anafika mpaka ku Zambia Compound ndi Shikoswe. Koma nyengo yomweyo inabweretsa mabvuto ku mafakitale, ndipo ya nsalu ija pambuyo pake inatsekedwa. Zogula zinaculuka pamene nchito zinacepa. Ici ndico cifukwa cake nkhani ya botolo la pefyumu, kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Kafue, imakhudzanso thumba la makolo ake.

ZAKALE ZIBWERANSO

Pamene izi zinali kucitika kuno, kunja mafashoni anali kuzungulira. Mu 1966 kampani ya Dior inatulutsa Eau Sauvage, wopangidwa ndi Edmond Roudnitska. Anali wa amuna, wa fungo la mandimu, koma akazi ambiri anayamba kumudzola. M'zaka za m'ma 1980 pefyumu wolemera, womveka munthu asanalowe m'nyumba, ndiye anali m'fashoni. Anthu atatopa naye, mu 1994 Calvin Klein anatulutsa CK One, wopangidwa ndi Alberto Morillas ndi Harry Fremont, m'botolo losakongoletsa, nanena poyera kuti ndi wa mnyamata ndi mtsikana yemwe. Anagulidwa kwambiri padziko lonse. Acinyamata a nthawiyo anaona ngati ndi cinthu cacilendo, koma fungo loyamba kumveka m'botolomo linali la bergamot, cipatso comwe cija ca Farina. Panali patapita zaka 285.

Mabotolo a lero ooneka ngati akale akutsanzira mbiri imeneyi. Ndipo zambiri za m'kati mwake zimacokera kufupi ndi kwathu. Madagascar ndiye amatsogola padziko lonse pa ulimi wa vanila. Zilumba za Comoros zimachuka ndi mafuta a duwa la ylang-ylang, limene liri mu Chanel No. 5. Ndipo udzu wa vetiva, umene alangizi a zaulimi amalimbikitsa kubzala pa akalozera kuti nthaka isakokoloke, mizu yake imatulutsa mafuta amene opanga pefyumu amawafuna kwambiri. Ku India amaluka mizu imeneyi ngati mphasa, naipacika pakhomo m'nyengo yotentha, ndi kuiwaza madzi kuti mphepo yolowa ikhale yozizira ndi yonunkhira.

CIFUKWA CAKE COPEPUKA CIYENERA NYENGO INO

Tibwerere mu minibasi ija. Kodi cinalakwika ndi ciyani? Fungo limafika m'mphuno cifukwa tizigawo tating'ono ta mafuta timauluka kucoka pakhungu. Kukatentha timauluka msanga ndiponso tambiri nthawi imodzi. Pefyumu amene amamveka bwino m'mwezi wa Juni angathe kukhala wotsamwitsa mu Okutobala, makamaka ku Kafue kuno kumene ndi kotsika ndi kotentha kuposa ku Lusaka. Madzi a mtundu wa Cologne ali ndi mafuta ocepa, magawo 2 mpaka 5 pa 100 alionse, pamene pefyumu wolemera amafika magawo 20 kapena kuposa. Sipiriti akamauma amaziziritsa khungu, ndipo fungo la mandimu limatha msanga. Kusakhalitsa kumeneku si cilema cake, ndiye ubwino wake.

Dziwaninso kuti thukuta longotuluka kumene silinunkha kweni-kweni. Fungo limabwera pamene tizirombo tosaoneka ndi maso, tokhala pakhungu, tayamba kudya thukuta la m'khwapa. Pefyumu satiphera tonse ndipo sacotsa zimene tasiya. Madzi, sopo ndi malaya ocapa ndizo zimatero. Wothira pefyumu pathupi losasamba wabwerera ku Ulaya wa nthawi ya Farina. Cotero ngati ndalama iri yocepa, yambani ndi sopo. Mukasamba bwino simusowa kanthu, ndipo wina asakunyozeni cifukwa mulibe botolo.

Ngati muli nalo, kumbukirani izi. Thirani pang'ono, pakuti mphuno yanu imazolowera msanga pamene ya mnzanu ikumvabe. M'kalasi, mu kwaya ndi m'galimoto mungakhale wina wodwala mphumu kapena mutu, amene fungo lamphamvu limamudwalitsa. Musathire pakhungu limene likhale padzuwa, popeza mafuta a bergamot osayengedwa bwino amatha kusiya mawanga akuda. Makampani odziwika amacotsa cinthu cobvulazaco, koma botolo losalembedwa zimene ziri m'kati simungalidalire. Yesani kadontho padzanja, mudikire kwa kanthawi, ndipo khungu likayabwa mulekeni. Botololo lisungeni m'malo amdima ndi ozizira, osati pazenera.

Ndipo mnzanu akabwera ku gulu atadzola zofanana ndi za mlongo wake, musamuseke. Iye ali pamodzi ndi agogo athu a cigubu cimodzi aja. Mwina kwao ndi botolo lokhalo limene angakwanitse.

Masabata ocepa akapita, mitambo idzasonkhana pamwamba pa mapiri ozungulira tauni yathu, ndipo madontho oyamba adzagwa pa fumbi. Fungo limene lidzakwera pamenepo mulidziwa nonse. Mu 1964, caka ca ufulu wathu, akatswiri awiri a ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, analipatsa dzina lakuti petrichor. Mumzinda wa Kannauj ku India, anthu amacheza dothi lootcha kuti alitsekere m'botolo ndi kuligulitsa. Inu mudzalimva ulere, mnyamata ndi mtsikana yemwe, mutaima pakhomo panu.

ZOKAMBIRANA PA GULU

1. Funsani munthu wacikulire wa kwanu zimene ankadzola ali wacinyamata, ndiponso m'mene ankapezera sopo m'zaka za kusowa. Mudzafotokozere anzanu pa msonkhano wotsatira.

2. Kupatula pefyumu, ndi zinthu zina ziti zimene amalonda anatiuza kuti ndi za amuna okha kapena akazi okha?

3. Ngati mnzanu ali ndi bvuto la fungo la thupi, mungamuuze bwanji popanda kumucititsa manyazi pamaso pa ena?